Kodi Lamya Yopanda Simu Khadi Ikali Lamya?

Akonzi a magazini yathu atandipempha kuti ndilembeko kanthu chaka chino, ndinayamba ndaganiza zolemba za mpira monga achitira anzanga. Koma pali nkhani ina imene yandisowetsa mtendere chiyambire teremu yathayi, ndipo ndaona kuti n'kwabwino kuitula poyera kusiyana ndi kumangoing'ung'udza kuhositelo magetsi atazima. Aphunzitsi athu olemekezeka andikhululukire ngati mwana ndalankhula pabwalo la akulu.

Nkhani yake ndi ya mabuku. M'kalasi mwathu mwa Fomu 3 tilimo ana 58, koma mabuku a Bayoloje amene ali m'laibulale ndi 9 okha, ndipo awiri mwa iwo alibe mutu wonse wonena za kayendedwe ka magazi m'thupi, pakuti wina wa chaka chatha anaung'amba napita nawo kwawo. Ena amatenga buku nalibisa kuseri kwa mabuku a mbiri yakale, kumene sikufika munthu, kuti mawa akalipeze okha. Sindiwaweruza anzangawo, popeza inenso ndinagonekapo buku la Fizikisi kunsi kwa matiresi sabata yathunthu, anzanga akulifunafuna, ine ndili duu ngati sindidziwa kanthu. Ndichita manyazi pokumbukira. Koma tonse tidziwa kuti pepala la mayeso a MSCE likadzafika kuchokera ku MANEB, silidzafunsa kuti buku unaligwirapo kangati.

Tsono pa tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi kwa amalume, kumene munthu akafuna kuimba lamya ayenera kukwera pachulu cha kuseri kwa khola. Msuweni wanga, amene aphunzira pa sekondale yoyendera, ali ndi kalamya ka m'manja kakalekale, kong'aluka galasi, kopanda mayunitsi ngakhale a tambala imodzi. Madzulo ena ndinamuona atakhala pakhonde maso ali pa kalamyako, ndipo ndinayamba kumseka kuti akucheza ndi ndani kuno kopanda netiweki. Iye sanayankhe, anangondipatsira. Ha! Ndinaona chithunzi cha mtima wa munthu, mitsempha yake yonse italembedwa maina, mutu womwe uja unang'ambidwa m'mabuku a pasukulu pathu. Anali ndi mabuku a Masamu, a Kemisitile, ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, zonse m'kanthu kolowa m'thumba la malaya.

Kwa amene sadziwa m'mene zichitikira, ndifotokoze pang'ono monga anandifotokozera iye. Buku limasandutsidwa fayilo, kawirikawiri ya mtundu wa PDF. Munthu apita kamodzi kokha kumene kuli intaneti, nalitsitsira m'lamya mwake kapena pa memori khadi, ndipo kuyambira pamenepo bukulo likhala momwemo. Safunanso bandulo kapena netiweki kuti aliwerenge. Angathe kupatsirako mnzake pa Bluetooth, yakenso osachepa. Tiyese masamu ake: buku limodzi likakhala la mamegabayiti 50, memori khadi ya magigabayiti 32, imene ili yaing'ono ngati chikhadabo, inyamula mabuku oposa 600. Laibulale yathu yonse ingalowemo, malo n'kutsalako.

Palinso mapulogalamu amene anapangidwira ntchito yomweyi. Ina ndi Kiwix, imene inayambidwa m'chaka cha 2007 kuti anthu aziwerenga Wikipedia popanda intaneti. Wikipedia yonse ya Chingerezi pamodzi ndi zithunzi zake ndi yolemera, pafupifupi magigabayiti 100, koma munthu angathe kutengako chigawo chokha, monga cha Masamu, cha Fizikisi kapena cha Kemisitile. Ina ndi Kolibri, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality la ku America. Imeneyi ndiyo inandikondweretsa koposa, chifukwa kompyuta imodzi yokha ndiyo isunga maphunziro onse, ndipo matabuleti kapena malamya amene ali pafupi amatunga kwa iyo pa Wi-Fi ya pompo, osatulukira kunja konse, monga akazi a mudzi umodzi atunga pachitsime chimodzi. Mphunzitsi angathenso kuona kuti mwana uyu wawerenga mpaka pati, ndipo walephera funso liti.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo. Phunziro limene lili pa intaneti ndi fodya wa pachala: bandulo ikatha, netiweki ikathawa, lapita. Tinaziona m'chaka cha 2020, pamene sukulu zinatsekedwa mwezi wa Malichi chifukwa cha matenda a Covid-19 osatsegulidwanso kufikira Seputembala. A m'tauni okhala ndi intaneti anapitiriza kuphunzira, ife a kumudzi tinangotchera khutu ku wailesi pamene mabatire analipo. Koma buku limene latsitsidwa kale lili pamphuno.

Apa ndipo pagona vuto, pakuti lamulo la sukulu yathu liti mwana wopezeka ndi lamya alandidwe, ndipo akabwereza atumizidwe kwawo. Ndinene mosabisa kuti lamuloli ndilivomereza. Tonse tiwadziwa anzathu amene amagona mochedwa atafunda bulangete kumutu, akucheza pa WhatsApp ndi Facebook, m'mawa n'kumasinza m'kalasi. Tidziwanso za kubera mayeso, ndi za mauthenga amene asokoneza atsikana ndi anyamata ambiri. Aphunzitsi sanaike lamuloli chifukwa chotida.

Koma ndifunse: chimene chiononga m'lamya n'chiyani? Kodi ndi galasi lake, kapena batire? Ine ndiganiza kuti ndi khomo lija lotulukira kunja, ndilo simu khadi ndi intaneti. Mukatseka khomolo, chotsala m'manja mwanu ndi sileti yowala imene ikumbukira mabuku. Lamulo lathu linalembedwa kuti lithamangitse macheza a usiku, koma pothamangitsa machezawo lathamangitsanso mabuku 600 aja, ife n'kutsala tikulimbirana 9.

Wina adzati, "Iwe ukufuna kutinyenga. Simu khadi ndi kanthu kobisika m'sokosi, ndipo pa memori khadi pomwepo pakhalanso nyimbo, mafilimu ndi masewera." N'zoona ndithu, ndipo chifukwa chake sindipempha kuti aliyense abwere ndi lamya yake kuhositelo. Kutero kungabweretsenso choipa china chimene ndichiopa koposa. Pasukulu pano timavala yunifolomu imodzi, timadya nsima ndi nyemba zomwezo, kotero kuti mwana wa mlimi ndi mwana wa bwana sasiyana kwenikweni. Malamya akaloledwa, tsiku lomwelo tidzadziwa wolemera ndi wosauka, ndipo amene alibe, monga ine, adzatsalira kawiri.

Pempho langa ndi lina. Zipangizozo zikhale za sukulu, zosalowa simu khadi, zokhala m'laibulale. Mphunzitsi woyang'anira laibulale ndiye aikemo mabuku, natseke njira yoikiramo zina. Mwana azilembetsa dzina potenga nthawi ya pulepu, nabweze belu likalira, monga tichitira ndi mabuku a pepala. Matabuleti 20 okha angasinthe zinthu, popeza tabuleti iliyonse ikhala ndi mabuku a maphunziro onse. Amene afuna Bayoloje ndi amene afuna Jogalafe salimbirananso shelefu imodzi, ndipo palibe angang'ambe tsamba kupita nalo kwawo.

Izi si zachilendo m'dziko muno. Kuyambira m'chaka cha 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ntchito yotchedwa BEFIT, yopereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa m'sukulu za pulayimale, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi kuwerengera. Pulogalamu yake, ya bungwe la onebillion, ilankhula Chichewa ndipo sifuna intaneti pophunzira. Nanga ngati kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kamene sikadziwa n'kumanga lamba komwe, kapatsidwa tabuleti m'manja, ife a ndevu zoyamba kumera tilephera bwanji?

Za magetsi ndisachulutse mawu. Tikumbukira m'mene dziko linakhalira mumdima namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Tabuleti yotchajidwa masana pa sola iwala yokha usiku, pamene buku la pepala lifuna nyali.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndiwatchule ndekha ena asananditchulire. Oyamba ndi akuti si buku lililonse la m'lamya lili loyenera ife. Mabuku aulere a Siyavula ndi abwino pa Masamu ndi Sayansi, koma analembedwera silabasi ya ku South Africa. A OpenStax, ochokera ku Rice University ku America, ambiri ndi a ophunzira a ku koleji. Mwana wowerenga yekha popanda womtsogolera angathe kutha mwezi pa mutu umene sudzabwera pa mayeso. Choipa koposa ndi manotsi aja amayendayenda m'malamya opanda dzina la mwini wake. M'kalamya ka msuweni wanga ndinapezamo ena amene anasinthanitsa ntchito za mitsempha yotulutsa magazi mumtima ndi yobwezera, ndipo iye anali ataloweza chomwecho! Tinakangana mpaka amalume anatuluka kudzatiletsa. Chifukwa chake ndinena kuti wosankha mabuku akhale mphunzitsi, potsata silabasi ndi mabuku ovomerezedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi.

Matope achiwiri andivuta kwambiri mumtima. Mabuku ambiri a silabasi yathu amene ayenda m'malamya anachita kujambulidwa tsamba ndi tsamba popanda chilolezo cha eni ake. Amene analemba mabukuwo ndi Amalawi anzathu, ena mwa iwo aphunzitsi ngati athu omwewa, amene anakhala usiku akulemba ndi chiyembekezo chopezapo kangachepe. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ntchito zotere, la m'chaka cha 2016, ndi bungwe la COSOMA loyang'anira zimenezi. Ine ndinawerenga mabuku otero pa tchuthi, ndipo sindinama kuti ndinawataya. Koma sukulu siingachite monga anachitira mnyamata wosowa pakhonde la amalume ake. Iyenera kulembera osindikiza mabuku ndi kupempha chilolezo, kapena kulipira mtengo umene angagwirizane. Osindikiza nawonso aganizepo: mabuku awo akuyenda kale m'malamya kwaulere, ndipo sukulu yobwera ndi ndalama m'manja si mdani wawo.

Sindinena kuti titaye mabuku a pepala, ayi. Ine ndemwe ndikafuna kujambula chithunzi cha duwa kapena kutsata masamu aatali, ndikonda buku lotambasula patebulo, ndipo maso anga amatopa ndi galasi. Akadakhalapo mabuku 58 a Bayoloje, nkhani ino sindikadailemba.

Ndalama zake zichokera kuti? Sindine msungichuma, koma ndiona kuti bungwe la makolo ndi aphunzitsi linatha kutimangira mpanda, ndipo amene anaphunzira pano kale amabwera chaka ndi chaka kudzatipatsa mipira ndi zikho. Atafunsidwa, kapena sangakane. Ndipempha a Hedimasitala ndi aphunzitsi onse kuti nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wawo, ndipo ngati n'kotheka tiyese teremu imodzi yokha, kuyambira ndi anzathu a Fomu 4 amene mayeso awayandikira. Likapezeka filimu ngakhale limodzi m'tabuleti, mutseke zonse m'kabati ndipo sindidzatsegulanso pakamwa. Kaundula wa obwereka ndidzasunga ndine ngati mundilola, pakuti malo onse obisamo zinthu pasukulu pano ndiwadziwa, kuyambira kunsi kwa matiresi anga.