PABWALO LATHU: Nsalu inabwera, minyanga inapita

Abale anga a ku Milange, chitenje chimene amayi amaberekera mwana chili ndi mbiri yaitali.

M'chaka cha 1498 Vasco da Gama anaima pa mtsinje wa ku Quelimane, ali pa ulendo wa ku India kukafuna tsabola. Apwitikizi sanachedwe kuzindikira kuti kuno golide ndi minyanga sizigulika popanda nsalu za thonje za ku Gujarat, zina zakuda, zina zamaluwa odinda ndi matabwa osema. Mu 1686 anapatsa amwenye a ku Diu ufulu wa malonda pa Ilha de Moçambique. Ayao ankasenza mitolo ya nsalu kubwera nayo kumtunda kuno, n'kubwerera ndi minyanga, kenaka ndi anthu omangidwa m'magoli.

Nsalu zija zinang'ambika kalekale, koma ogulitsidwa aja sanabwerere.

Lero India amagula nandolo wathu. Mu 2017 mtengo unagwa, alimi ambiri analira. Tsono tisagulitse aliyense payekha: tilowe m'magulu, tiyambe tafunsa mtengo, tiyang'anitsitse sikelo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tionana sabata yamawa.