Mwini Matenda Akhale Nawo pa Zokambirana

Pa tchuthi chapitachi, kwathu m'dera la Inkosi Zulu ku Mchinji, ndidaona chinthu chimene mpaka lero chikundisowetsa mtendere. Bambo wina wa m'mudzi mwathu adali atangobwerako ku chipatala ku Lilongwe, kumene madokotala adapeza kuti impso zake zatsala pang'ono kulekeratu kugwira ntchito, ndipo posachedwa adzafunika kumasefedwa magazi ndi makina. Abale adasonkhana patsinde pa mango: akulu ake, amalume, alongo ndi ana. Adakambirana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ena amati tigulitse ng'ombe, ena amati tiyambe tayesa kwa sing'anga, ena amati tingomusiya apume. Mwini matendayo adali chigonere pamphasa m'nyumba, akumva mawu awo chapatali, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adalowa kukamufunsa maganizo ake.

Abale aja sadali anthu ouma mtima ayi. Chimene chidawasonkhanitsa ndi chikondi. Komabe ine ndikuti adalakwitsa, ndipo kulakwitsa kotereku ambiri a ife tikadakuchitanso. Nkhani ya chithandizo cha impso iyenera kugamulidwa ndi anthu atatu atakhala pamodzi, ndiwo wodwala, dokotala wodziwa za impso ndi banja, koma mawu omaliza akhale a wodwalayo.

Tiyambe tamvetsa chimene chikugamulidwacho. Munthu ali ndi impso ziwiri, ndipo ntchito yake ndi kusefa magazi usana ndi usiku. Pa tsiku limodzi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 ochokera m'magazi, ambiri n'kuwabwezera m'thupi, zoipa zokha n'kuzitulutsa mu mkodzo. Impso zikafooka, zoipazo zimatsalira. Munthu amatupa miyendo ndi nkhope, amachita nseru, amabanika, ndipo magazi amachepa. Nthawi zina impso zimaima mwadzidzidzi, monga chifukwa cha malungo aakulu, kutsekula m'mimba kwambiri, mavuto a pa uchembere kapena mankhwala ena a zitsamba. Zikatero makina amathandiza kwa masiku kapena masabata owerengeka, ndipo kawirikawiri impso zimadzukanso. Koma pali kufooka kwina kobwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, makamaka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga. Impso zofa mwa njira imeneyi sizidzukanso, ndipo woyamba kusefedwa magazi amapitiriza moyo wake wonse, pokhapokha atapatsidwa impso ya munthu wina, chinthu chimene Amalawi amakachitira kunja, monga ku India.

Chithandizo chosefa magazichi, chimene a chipatala amachitcha dialysis, chilipo pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo m'zipatala za boma wodwala salipira. Koma walira mvula walira matope. Wodwala amalumikizidwa ku makina kwa maola pafupifupi 4, kawiri kapena katatu pa sabata, dzinja ndi chilimwe chomwe. Kuchoka pa Mchinji boma kukafika ku Lilongwe ndi mtunda woposa makilomita 100, ndiye munthu wa kwa Zulu ayenera kusankha pakati pa kulipira minibasi sabata ndi sabata, iye ndi womudwazika, kapena kusiya munda n'kukakhala kwa achibale mu mzinda. Madzi akumwa amamuyezera, mchere amachepetsa, ndipo zakudya zina zimene timalima tokha, monga nthochi, mbatata ndi mtedza, amadya mosamala. Pamkono pamafunika opareshoni yaing'ono yolumikiza mitsempha iwiri, imene madokotala amaitcha fistula, ngakhale si matenda aja ovuta amayi pobereka, ndipo malowo amatenga masabata 6 kapena kuposera apo kuti akhwime. Onse obaya singano, onse omva ludzu, onse otopa pa msewu ndi thupi la munthu mmodzi. Nanga bwanji munthu ameneyo akhale womaliza kufunsidwa?

Palinso njira ina imene ambiri saidziwa. Kwa munthu wokalamba kwambiri, kapena amene ali ndi matenda ena aakulu monga a mtima, makina sangamuonjezere masiku ambiri, koma angamuonjezere mavuto. Wotere angathe kusankha kusamalidwa ndi mankhwala ochepetsa kutupa, nseru ndi ululu, ali pakhomo pakati pa abale ake. Kumeneku si kumutaya. Komanso mayi wachitsikana amene impso zaima atangobereka sayenera kumanidwa makina chifukwa abale amva mphekesera yoti wolowa m'makina satulukamo. Kusiyanitsa odwala awiriwa ndi ntchito ya katswiri, ndipo n'chifukwa chake bwalo la pansi pa mango silingakwane popanda mawu a dokotala.

Ndikudziwa chimene ena anganene. Adzati mwambo wathu sulola kuuza wodwala kuti matenda ake ndi osachiritsika, poopa kuti angataye mtima n'kufa msanga. Adzatinso ndalama za ulendo zichokera kwa abale, choncho abalewo ndiwo ayenera kugamula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu ndi woona, ndipo ine sindikuti wodwala agamule yekha ngati alibe mbumba. Mkazi amene adzagona pakhonde la chipatala ndi ana amene sukulu yawo ingaime ali ndi ufulu wolankhula. Koma pa mitu yosenza dengalo, wa mwini nyumba usasowepo. Kunena za kumubisira, wodwala si mwana. Amaona miyendo yake ikutupa, amamva anthu akunong'onezana panja, ndipo mantha a munthu wobisiridwa amaposa a munthu wouzidwa zoona mwachikondi. Womubisira amamulandanso mpata wokonza za ana ake, za munda wake ndi za mzimu wake.

Vutoli silidayambe ndi ife. Makina oyamba osefa magazi adapangidwa ndi Willem Kolff ku Netherlands mu 1943. Mu 1962, mu mzinda wa Seattle ku America, makina adali ochepa kwambiri kotero kuti padali komiti ya anthu 7, pakati pawo mbusa, loya ndi mayi wa pakhomo, yosankha amene athandizidwe. Anthuwo ankagamula za moyo wa odwala amene sadawaonepo nkhope. Nkhaniyo itadziwika, anthu ambiri adakhumudwa, ndipo idathandiza kudzutsa funso limene lero lili pakati pa ntchito ya udokotala: kodi mwini thupi mawu ake ali pati? Kwathu kuno makina akadali ochepa poyerekeza ndi odwala, ndipo si aliyense wofuna amene amapeza malo. Kuchepa komweko ndiko kukutikakamiza kukambirana msanga ndi moona.

Mpingo nawonso sudakhale chete. Papa Pius XII mu 1957 adaphunzitsa kuti munthu ali ndi udindo wosamala moyo wake ndi njira zoyenera, koma sakakamizidwa kulandira chithandizo cholemetsa mopitirira muyeso. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2278, akubwereza zomwezo, ndi kuonjezera kuti wogamula ndi wodwalayo ngati nzeru zake zili bwino. Choncho gogo wokana makina atamvetsa bwino sadadziphe, ndipo bambo wofuna kuyesa makina asauzidwe kuti akuwononga chuma cha banja.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu a chipatala, wodwala impso mutumizeni kwa akatswiri nthawi ikadalipo, osadikira kuti adzafike atakomoka, pakuti wokomoka sasankha. Mufotokozereni m'chinenero chake, iye mwini ali pomwepo, osati womudwazika yekha pakhonde. Inu makolo athu, safunsa adadya phula. Funsani dokotala ngati impsozo zingadzukenso, ngati makina adzakhala a masabata kapena a moyo wonse, ndi chimene chidzachitike mukapanda kuyamba. Yezetsani kuthamanga kwa magazi ndi shuga ngakhale musakumva kudwala, ndipo lekani kumwa mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac tsiku ndi tsiku popanda uphungu, chifukwa amawononga impso. Inu abambo ansembe, banja likakuitanani musangodzoza mafuta n'kubwerera. Khalani pansi, ndipo funso loyamba likhale lakuti wodwalayo wanena zotani. Mphakati nawo ungathe kusonkha ya ulendo ndi kulimira munda wa wodwala, kuti umphawi usamusankhire.

Ife anzanga a pa seminale, mawa lino tidzaitanidwa pa mabwalo otere, ena ngati ansembe, ena ngati madokotala, ena ngati ana a wodwalayo. Tikadzafika patsinde pa mango n'kupeza onse asonkhana kupatula mwini matenda, tisadzakhale pansi msanga. Tidzayambe talowa m'nyumba, timulonjere, timufunse ngati angathe kutuluka, ndipo ngati sangathe, bwalolo lisamukire pamphasa pake.