Thumba la ufa si nyambo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ena ndikukhumudwitsani. Pali khalidwe limene lamera mizu m'mipingo ndi m'mabungwe ena achikhristu, lothandiza wosauka pofuna kumukokera ku tchalitchi. Eni ake amati ndi kulalikira. Ine, Mkhristu mnzawo, ndikuti ndi malonda.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 500,000 opanda pokhala, ndipo masukulu ambiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe anasanduka misasa. Mipingo inagwira ntchito yaikulu, yambiri mwakachetechete. Koma pamsasa wina ndinaona gulu limene linaunjika matumba a ufa kutsogolo, n'kulalikira pafupifupi maola awiri, kenaka n'kunena kuti ofuna kulandira Yesu akweze manja. Mayi amene ana ake agona ndi njala angaleke bwanji kukweza dzanja? Manja anawerengedwa, zithunzi zinapita pa Facebook. Sindikukayika kuti othandiza akunja anauzidwa kuti miyoyo yapulumuka.

Ena mwa inu muyankha kuti ngakhale amishoni anabwera ndi sukulu ndi chipatala. Zoona. Blantyre Mission ya 1876 ndi Nkhoma zinatipatsa zambiri, ine ndemwe ndine chipatso chake. Koma ife aphunzitsi tikudziwanso mbali ina ya mbiriyi. Makolo ambiri achisilamu ku Mangochi ndi Machinga ankakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza. Ana aja anakula osadziwa kuwerenga, madera aja anatsalira pa maphunziro kwa zaka zambiri, ndipo makolo awo sanasiye Chisilamu. Anapindula ndani?

Baibulo lomwelo silikugwirizana nanu. Pa Luka 17 akhate khumi anachiritsidwa, mmodzi yekha anabwerera kudzathokoza, koma Yesu sanawabwezere khate asanu ndi anayi aja. Pa Yohane 6 anadzudzula khamu limene linkamulondola chifukwa cha mkate. Ife lero khamu lotero ndilo timalijambula! Msamariya uja sanafunse wovulala kuti amapemphera kuti.

Sindikunena kuti tibise chikhulupiriro. Wina akakufunsa chifukwa chimene wamubweretsera bulangete, muuze, usachite manyazi. Chimene ndikukana n'chakuti munthu agule nsima ndi pemphero. Wosauka si wopusa. Amadziwa pamene akugulidwa, amaimba nawo kwaya yanu, ufa ukatha amapita kumene kwabwera feteleza.

Ana anga, ambiri mwa inu ndinu abusa tsopano, ena muli m'mabungwe, ndipo ndinu amene mumagwira kaundula wa olandira. Chotsanimo funso la mpingo. Gawani ufa anthu apite akaphike. Msonkhano wa chitsitsimutso muuike tsiku lina, popanda thumba kutsogolo, ndipo muwerenge amene abwere tsiku limenelo.