Mwana Ayambe Wadziwa Poimira

Ambiri a ife tikafika pa mutu wa while m'chinenero cha JavaScript, timalemba chitsanzo pa bolodi, ana nakopera, kenaka onse nathamangira ku makompyuta. Maganizo anga ndi akuti kutero n'kupupuluma. Mwana asagwire makina asanayankhe funso ili: kodi kubwereza kumeneku kudzatha liti?

Kagwiridwe ka while n'kapafupi. Kompyuta imayamba yaona ngati mfundo ili m'mikutiramawu njoona. Ikakhala yoona, imachita malamulo otsatirawo nibwerera kukaonanso. Ikakhala yonama, imaleka. N'chimodzimodzi mwana wothira madzi mumtsuko: sawerenga zikho, koma amasuzumira kaye, ndipo ngati mtsuko sunadzaze amathiranso. Apa ndipo while asiyana ndi for, amene kawirikawiri timam'gwiritsa ntchito tikadziwiratu kuti tibwereza kangati.

Chitsanzo chokoma ndi njira ya Euclid, ya zaka zoposa 2,000, yopezera nambala yaikulu koposa yogawa manambala awiri popanda chotsala:

let a = 48, b = 18;
while (b > 0) {
  let r = a % b;
  a = b;
  b = r;
}

Chizindikiro cha % chimapereka chotsala tikagawa. Ana ajambule mizati itatu m'makope mwawo, wa a, wa b ndi wa r, ndipo atsate okha. Ulendo woyamba chotsala ndi 12, wachiwiri 6, wachitatu 0. Pamenepo b wafika pa 0, mfundo yasanduka yonama, ndipo yankho ndi 6 amene watsala mu a. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akatero, fufutani mzere wa b = r, muwafunse chimene chichitike. Wotsata bwino adzaona kuti b akhala 18 mpaka kalekale. Tsopano aloleni akayese pa kompyuta. Tsambalo lidzauma, mabatani osayankha, pakuti JavaScript ya patsamba imagwira ntchito imodzi pa nthawi, ndipo siilandira ina yoyambayo isanathe. Mwana amene wadzionera yekha zoterezi saiwalanso kuti m'kati mwa while muyenera kukhala kanthu kosintha mfundo ija.

Ena adzati nthawi ya phunziro njochepa ndipo silabasi njaitali. Zoonadi. Koma mphindi 10 za kope ndi pensulo zimapulumutsa phunziro lathunthu limene likanathera pozimitsa ndi kuyatsa makina. Ndiponso kumene makompyuta ali ochepa kapena magetsi athima, njirayi imapatsa mwana aliyense chochita, osati okhawo okhala kutsogolo.

Choncho, aphunzitsi anzanga, pokonzekera phunziroli lembani mafunso atatu oti mwana aliyense ayankhe asanayatse makina: tikuyambira pati, chikusintha n'chiyani pa ulendo uliwonse, ndipo tidzaima chikatani? Wolephera funso lachitatu abwerere ku kope lake, ngakhale atalemba mizere yonse molondola.