Pikapu yanu ikafuka utsi wakuda, akuupuma ndani?

Mukaima pamsika wa Mitundu m'mamawa, kapena m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje, simudikira nthawi yaitali musanaione. Pikapu ya dizilo yodzaza matumba a chimanga, mtedza kapena mabelo a fodya, pamwamba pake patakhala anthu, ikunyamuka. Dalaivala akangoponda mafuta, kumbuyo kumafuka utsi wakuda bii, amayi ogulitsa tomato n'kumatseka mphuno ndi chitenje. Anyamata oitanira amaseka, amvekere: "Imeneyi ndiye ili ndi mphamvu!"

Utsi umenewo ndi mafuta omwe mwini galimoto adagula ndi ndalama zake koma sadapse bwino, ndipo komwe akukathera ndi m'mapapo mwa anthu. Lero tikufuna tikambirane ndi inu eni galimoto, inu amakaniko, komanso inu okwera matola, za mchitidwe wosintha kompyuta ya injini pofuna mphamvu zoonjezera.

Zomwe makaniko amasintha

Pikapu zambiri zonyamula katundu sizili monga zidachokera kufakitale. Eni ake amaonjezera masipuling'i kumbuyo, amawotcherera zitsulo m'mbali kuti katundu akwere m'mwamba, ena amaika matayala akuluakulu. Galimoto yomwe idapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, omwe ndi matumba 20 a makilogalamu 50, imapezeka yasenza kuwirikiza kawiri. Ikafika pachitunda imalephera kukoka. Apa m'pamene mwini wake amapita kwa makaniko kukapempha kuti aionjezere mphamvu.

Pa galimoto zakale, monga Toyota Hilux za injini ya 2L ndi 3L kapena Nissan za TD27, makaniko amangopotokola sikuluu ya papampu kuti izithira mafuta ochuluka. Pa zatsopano, monga Hilux D-4D, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max, ntchito imeneyi ili m'manja mwa kabokosi kotchedwa ECU, komwe ndi kompyuta ya injini. Kabokosika kamalandira uthenga kuchokera ku tizipangizo toyeza mpweya wolowa, kutentha kwa injini, liwiro lomwe ikuzungulira, ndi momwe phazi la dalaivala laponderera. Kenako kamalamula kuchuluka kwa mafuta, nthawi yowathira, ndi mphamvu yomwe turbo ikankhire mpweya mu injini.

Makaniko amalumikiza laputopu pa kabowo kotchedwa OBD, komwe kamakhala chapansi pa chiwongolero, n'kusintha manambala m'pulogalamu. M'pulogalamu ya kufakitale muli malire. Ena amaletsa kuthira mafuta oposa mpweya womwe walowa, ena amateteza kilatchi ndi giyabokosi kuti zisalandire mphamvu yoposa msinkhu wake. Kutyuna kwachidule ndi kotsika mtengo kumangokweza kapena kufufuta malire amenewa.

Utsi wakuda umachokera pati?

Aliyense amene adaphikapo pamafuwa akudziwa kuti mukathinitsa nkhuni, mpweya n'kusowa polowera, moto umafuka m'malo moyaka. Mu injini ndi chimodzimodzi. Kuti kilogalamu imodzi ya dizilo ipse yonse, pamafunika mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 14.5, ndipo injini ya dizilo imafuna woposa pamenepo chifukwa mafuta ndi mpweya zimasakanikirana m'kanthawi kochepa zedi. Mafuta akachuluka, ena amangosanduka mwaye.

Kuno kwathu pali chinanso. Chigwa cha Lilongwe chili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo mpweya wakuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuposerapo pang'ono, poyerekeza ndi wa ku Durban kapena Beira. Fayilo yongokopera pa intaneti, yomwe idakonzedwera galimoto ina kudziko lina, imakakamiza turbo kugwira ntchito yoposa kuti ipeze mpweya wokwanira. Ikalephera, utsi umachuluka ndipo mkati mwa injini mumatentha kwambiri. Mapisitoni ndi a aluminiyamu, chitsulo chomwe chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 660. Katundu wolemera, chitunda chachitali ndi mafuta ochuluka zikakumana, pisitoni imang'aluka kapena kubooka.

Pali zida ziwiri zomwe zimachotsedwa kawirikawiri. Choyamba ndi EGR, yomwe imabwezera utsi pang'ono mu injini kuti moto usatenthe kwambiri, potero imachepetsa mpweya woipa wotchedwa NOx. Chachiwiri ndi DPF, sefa ya papaipi ya utsi yomwe imapezeka makamaka pa galimoto zochokera ku Ulaya. Ikakhala yabwinobwino imagwira mwaye woposa magawo 90 pa 100 alionse, n'kumauwotcha yokha pa madigiri pafupifupi 600 galimoto ikamayenda ulendo wautali. Maulendo afupiafupi, oyilo wosayenera ndi mafuta a m'zigubu osakaniza ndi palafini zimaitseka. Ikatsekeka, ambiri amangoiboola kapena kuidula, n'kuuza kompyuta kuti iiwale zoti padali sefa. Nyali yochenjeza imazima, koma mwaye wonse umayamba kutulukira panja.

Zomwe utsiwu umachita m'thupi

Utsi womwe mumauona ndi maso ndi gawo chabe. Choopsa kwambiri ndi tizidutswa tosaoneka totchedwa PM2.5, tomwe n'tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi la mumsewu lambiri limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, munthu n'kulimina kapena kulitsokomola. Tizidutswa ta dizilo timadutsa zonsezi, timakafika m'timatumba ta pansi penipeni pa mapapo pomwe mpweya umalowera m'magazi, ndipo tating'onoting'ono kwambiri timalowa m'magazi momwemo. Timatupitsa njira za mpweya, timadzutsa mphumu, timafooketsa chitetezo cha mapapo ku chibayo, komanso timaonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. NOx nayo imayabwa ndi kutupitsa njira za mpweya.

Mu June 2012, bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya World Health Organisation ndipo lili ku Lyon m'dziko la France, lidaika utsi wa dizilo m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. M'gulu lomwelo muli utsi wa fodya. WHO imati mu 2019 mpweya woipa wa panja udafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 4.2 miliyoni padziko lonse.

Ndiye akuupuma ndani? Dalaivala ali kutsogolo, mawindo atatseka, utsi akuusiya m'mbuyo. Oyamba kuupuma ndi okwera kumbuyo, chifukwa galimoto ikamathamanga mphepo imazungulira kumbuyo kwake n'kukokera utsi wina m'bodi momwe mwakhala anthu. Achiwiri ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu, oitanira, onyamula katundu ndi a kabaza omwe amatsatira galimoto pachitunda akupuma mwamphamvu. Achitatu, omwe amatidetsa nkhawa kwambiri ife a zachipatala, ndi ana. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pamphindi, pomwe khanda longobadwa limapuma ka 30 mpaka ka 60. Mwana woyenda pansi mphuno yake ili pafupi ndi paipi ya utsi, ndipo mapapo ake akadakula.

N'zoona kuti m'midzi mwathu utsi wambiri womwe anthu amapuma ndi wa nkhuni ndi makala m'khitchini. Koma mapapo sasankha, amangophatikiza zonse. Mayi amene waphika m'kakhitchini kopanda zenera m'mamawa, n'kukakhala tsiku lonse pamsika pomwe galimoto zimaima zikulira, walandira kawiri. Amene adadwalapo TB, ngakhale adachira, nthawi zambiri amatsala ndi zipsera m'mapapo, ndipo ndi amene amayamba kubanika. M'miyezi ya June ndi July mpweya wozizira wa m'mamawa umagwira utsi pansi, nthawi yomweyo yomwe pikapu zimatenthetsa injini podikira okwera.

Si kuno kokha

Musaganize kuti ndi amakaniko a pansi pa mtengo okha omwe amaseweretsa kompyuta ya injini. Mu September 2015, bungwe loona za chilengedwe ku America la EPA lidaulula kuti kampani ya Volkswagen idaika pulogalamu yozindikira nthawi yomwe galimoto ikuyezedwa. Poyezedwa inkatulutsa utsi wochepa, koma pamsewu NOx inkafika mpaka ka 40 kuposa malire. Kampaniyo idavomera kuti galimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse zidali ndi pulogalamuyi. Mu 2020, EPA idati pikapu za dizilo zoposa 550,000 ku America zidachotsedwa zida zochepetsera utsi m'zaka khumi zokha. Mu December 2023, kampani yopanga injini ya Cummins idavomera kulipira chindapusa cha madola 1.675 biliyoni pa mlandu wokhudza injini za pikapu za Ram. Maiko amenewo amalanga chotere chifukwa adawerengera kuti ndalama yomwe mwini galimoto wapulumutsa imakalipiridwa ndi odwala kuchipatala.

Mbali ya mwini galimoto

Tikumva kudandaula kwanu. Mafuta ndi okwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa. DPF yatsopano mtengo wake ndi woboola m'thumba. Fodya ayenera kufika ku Kanengo, ndiwo zamasamba ziyenera kufika pa Wakawaka kusanache, ndipo kumidzi yambiri pikapu ndiyo basi, ndiyonso ambulansi. Komanso laputopu payokha si mdani. Makaniko wodziwa ntchito amaigwiritsa ntchito powerenga vuto lenileni la injini, ndipo kusintha kochitika mosamala, koyezedwa, kosiya malire a utsi ndi zida zoyeretsera m'malo mwake, kulipo.

Koma walira mvula walira matope. Mphamvu yoonjezera imakwezadi galimoto pachitunda, koma pamtsetse mabuleki ndi omwe aja opangidwira tani imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndipo katundu wochuluka amatenthetsa mabuleki mpaka kusiya kugwira. Anthu okhala pamwamba pa matumba alibe lamba kapena chowatchinga. Ovulala mutu ndi msana omwe zipatala zing'onozing'ono zimatumiza ku Kamuzu Central Hospital ena sabwerera kumunda. Ngakhale powerengera ndalama zokha, kilatchi yopsa, turbo yofa ndi injini yofunika kumasula zimadya phindu la nyengo yonse.

Tichitepo chiyani?

Inu eni galimoto, pikapu ikayamba kufooka kapena kufuka, funani chifukwa chake musanapemphe mphamvu zoonjezera. Nthawi zambiri vuto limakhala sefa ya mpweya yodzaza fumbi, paipi ya turbo yong'ambika, manozo otha, kapena katundu wopyola muyezo. Mtundu wa utsi umakuuzani zambiri. Wakuda ndi mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa, wabuluu ndi oyilo akupsa, ndipo woyera wosatha injini itatentha ungakhale madzi akulowa mu injini kapena mafuta osapsa. EGR imatsukika. DPF nayo nthawi zambiri imatsukika, ndipo ulendo wautali wapatala, monga wa pa M1 kupita ku Dedza, umaithandiza kudziyeretsa. Ngati mwasankha kusintha pulogalamu, funsani makaniko asunge fayilo ya kufakitale, akuuzeni chomwe wasintha, ndipo ayese galimoto itasenza katundu pachitunda. Ikafuka, ntchitoyo yalakwika. Podikira okwera pamsika, zimitsani injini.

Inu amakaniko, kasitomala amakhulupirira mawu anu kuposa athu. Muuzeni zoona kuti kudula sefa n'kusamutsira vuto kwa ana ake omwe amakwera kumbuyo. Tikupemphanso TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja kuti aphunzitse achinyamata ambiri kuwerenga ndi kukonza injini za kompyuta, chifukwa galimoto zimenezi zikuchulukirachulukira.

Inu okwera, ngati pali mwayi, mayi woyembekezera, wakhanda kapena wa mphumu akhale kutsogolo, kapena pafupi ndi kebini, kutali ndi paipi ya utsi. Ogulitsa malonda, sunthani mwana kuchoka pomwe galimoto zimaima. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, pitani mukayezetse makhololo. Mwana wa miyezi iwiri mpaka chaka akamapuma ka 50 kapena kuposa pamphindi, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, kapena pansi pa nthiti pakamalowa mkati popuma, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa Boma, pempho lathu ndi loti kuyeza utsi ndi makina kukhale gawo lenileni la COF ku nthambi ya DRTSS, ndipo galimoto yofuka ibwezedwe mpaka itakonzedwa. Bungwe la MEPA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ligwire ntchito ndi makhonsolo kuti malo oimapo galimoto atalikirane ndi malo ogulitsira zakudya.

Pomaliza, inu mwini pikapu, mawa muuze dalaivala anyamuke ndi katundu monga mwa masiku onse, inu muime kumbuyo pomwe amakhala amayi a tomato aja. Mukakhosomola, mwadziwa chokauza makaniko.