Fomu ya NCHE ndi yanu, achemwali, musadzazitse wina

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likalengeza kuti ophunzira ayambe kufunsira malo m'mayunivesite a boma, timamva nkhani yomweyomweyo kuchokera ku Mangochi. Mtsikana wakhoza bwino MSCE, Masamu wapeza 2 kapena 3, koma foni ya intaneti alibe. Amakwera minibasi kuchokera ku Namwera, Malindi kapena Monkey Bay mpaka pa boma kuti akamudzazire fomu pa cafe. Pa kompyuta pakhala mnyamata wa pa cafepo, pambali aima amalume amene alipira ulendo. Mtsikana akangoti akufuna Computer Science, yankho ndi lakuti, "Iii, zimenezo n'za anyamata, sungapezeko malo. Lemba unamwino." Iye n'kungoti chete, fomu n'kupita.

Unamwino ndi ntchito yolemekezeka, tisanamizane. Chikutipweteka ife n'chakuti wasankha si mwini wake.

Tiyeni timvetsetse mmene zimayendera. Kulowa yunivesite ya boma kudzera ku NCHE simukhala pamaso pa anthu kuti akufunseni mafunso. Chimakuyankhulirani ndi magiredi anu ndi maphunziro amene mwalemba pa fomu, motsatira mmene mwawandandalikira. Pamafunika ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro a kompyuta amayang'ana kwambiri Masamu. Mpikisano ulipo, malo ndi ochepa, zimenezo n'zoona. Koma amene sanalembe Computer Science pa fomu n'kovuta kuti asankhidwe, olo atakhoza bwanji. Ndiye wina akakuchotserani, ndi iyeyo wakukanizani malo, osati yunivesite.

Ndipo kopita sikumodzi. UNIMA ku Zomba ili ndi Computer Science, MUST ku Thyolo ili ndi Computer Systems and Security, MUBAS ku Blantyre ndi Mzuni nakonso kuli maphunziro a kompyuta. Werengani nokha zimene akufuna pa iliyonse, musangomva za m'maluwa.

Mantha ena timawadziwa: "Ine kompyuta sindinaigwirepo." Inde, m'ma CDSS ambiri a m'mbali mwa nyanja mulibe labu, ena ngakhale magetsi. Koma Computer Science sikuthamanga pa kiyibodi ayi. Ndi kutenga vuto, kuligawa tizigawo ting'onoting'ono, n'kulamula makina pang'onopang'ono chochita. Mtsikana amene amakhoza algebra ndi nyali ya sola, amene amawerengera mayi ake phindu la beseni la usipa atachotsa ya galimoto ndi ya msika, mutu umenewo ali nawo kale. Kiyibodi amaizolowera m'masabata ochepa. Rachel Sibande, amene anayambitsa mHub ku Lilongwe, anaphunzira za kompyuta konkuno, ku Chancellor College.

Kumene mafunso a pamaso m'pamaso amabwera ndi pofunsira sikolashipu. Apa ndiye pamagwa ambiri a ife, chifukwa tinaleredwa kuti polankhula ndi akuluakulu uziyang'ana pansi, uziyankha mwachidule, usadzitame. Kunyumba ndi ulemu, koma mu intaviyu amangoona ngati ulibe chonena. Akafunsa chifukwa chimene mukufunira maphunzirowa, musaloweze zoti "ndimakonda tekinoloje". Nenani chimene mwaona ndi maso anu: mizere ya ku chipatala chifukwa chosowa faelo, amayi ogulitsa nsomba osadziwa mtengo wa ku Limbe mpaka atafika. Funso la masamu likakuvutani, lankhulani mokweza mmene mukuliganizira. Kukhala chete ndiye kumaluzitsa.

Tsono ife a m'tauni, amene tili ndi bandulo ndi laputopu, tisamangolemba "girl power" pa Facebook basi. Ambiri tili ndi mng'ono wathu kapena msuweni kumudzi. Ngati akulowa Fomu 3, muimbireni asasiye Physics chifukwa choti anzake akuti ndi yovuta, pakuti chitseko chimayamba kutsekeka pamenepo. Ngati wamaliza Fomu 4, khalani naye pa foni podzaza fomu, mumuwerengere maphunziro onse, asankhe yekha, ndipo pasiwedi asunge yekha. Amalume akadandaula za fizi, auzeni kuti ophunzira osowa amatha kufunsira ngongole ya boma ku Loans Board, ndipo fomu yakenso mudzamuthandiza kudzaza ndinu.