MWANA WA MLIMI NAYE AULUKE

Ndeke ya Flying Doctor Service ikatera kumidzi kudzatenga odwala, makolo amafunsa: kodi mwana wa mlimi angaiyendetse? Nzeru ali nazo, comutsekereza ndi ndalama.

Malamulo a bungwe la ICAO amati ciphaso coyamba cimafuna maola 40 mumlengalenga, pamene ca nchito cimafuna 200, kapena 150 pasukulu yobvomerezeka. Ola lililonse wophunzira amalipira mafuta, ndeke ndi mphunzitsi. Wophunzira modukizadukiza amaiwala, nalipira kawiri phunziro limodzi. Motero wanzeru amayamba wasonkhanitsa ndalama, natsiriza za m'mabuku ali pansi.

Komabe nkhokwe ya cimanga siingakwanitse mtengo wotere. Boma litsegule ngongole za maphunzirowa, monga licitira kumayunivesite, kuti mumlengalenga musakhale mwa olemera okha.